Bondo la Marzouk

A Fathi ankagwirizira ndowa, akazi awo a Nawal akukolopa chogwada, pamene wailesi inalengeza kuti goloboyi Marzouk wasiya mpira chifukwa cha bondo.

"Nayenso wapita! Ndatsala ndi ndani ine?" anadandaula a Fathi, akukanda imvi. "Chonsecho bondo limenelo ndimalipempherera Lachisanu lililonse kumzikiti."

"Bondo lake liti, bambo a Tarek?" anafunsa a Nawal.

"Lakumanzere. Cairo yonse ikudziwa."

"Nanga langa, limene limandisowetsa tuloli, ndi liti?"

A Fathi anayang'ana mawondo awiri onyowa a akazi awo, ili kenako linalo. A Nawal anangomwetulira, n'kupukuta madzi pafupi ndi phazi la amuna awo kuti asaterereke.

A Fathi anagwada movutikira, n'kuwalanda chikolopa chija.

"Ndikhululukireni, mayi a Tarek."