Chisoti chowonjezera m'galimoto yozimitsira moto

Ine ndimayendetsa galimoto yozimitsira moto. Usiku umenewo tinangopita kukadzaza thanki pampopi waukulu wa kuseri kwa fakitale imene inapsa kalekale. Tikumaliza, wailesi inalira: nyumba ikuyaka kumtunda, muli ana.

Mkulu wathu timamutcha Bwana Lamulo. Galimoto sinyamuka iye asanagogode chisoti cha aliyense n'kuwerenga mokweza, chifuwa patsogolo ngati mkulu wa asilikali. Anagogoda, anawerenga, n'kuima. Anabwerezanso.

"Tachuluka ndi mmodzi," anatero.

Ndinayang'ana pagalasi. Pampando wakumbuyo, pakati pa anzanga, panali wina wovala chisoti chakale, chosungunuka mbali imodzi. Nkhope sinkaoneka. M'galimoto munadzaza fungo la utsi, chonsecho tsiku lonse tinali tisanaone moto.

"Sitinyamuka mpaka chiwerengero chikwane," anatero Bwana.

"Chakwana n'kupitirira, Bwana. Lamulo lanulo ndi la munthu wosowa. Ana aja sadikira masamu anu."

"Iwe, ukudziwa kuti ndine ndani?"

"Inu ndimakudziwani bwino. Wakumbuyoyu ndiye sindimudziwa, koma nayenso sandiimitsa."

Ndinaliza injini ndi sailini, tinanyamuka. Ndinalankhula ndi galasi: "Achimwene, kaya mwachokera kuti, ino si basi. Aliyense wokwera muno amakagwira paipi."

Chisoti chija chinagwedezeka pang'onopang'ono, kuvomera. Kenako dzanja lakuda bii, lotentha, linadutsa paphewa langa n'kugogoda chisoti cha Bwana.

"Mmodzi," anatero mawu okhuthala.

Dzanjalo linatembenukira kwa ine. Buleki sindinaponde.