Tsiku Limene Nyumba Zinabwera ku Bodkin City

Nyumba yoyamba inatulukira chakum'mawa anthu asanamalize kadzutsa, ikukokedwa ndi ng'ombe, utsi ukufukabe pachumuni. A Hosea Bodkin, ali pakhonde la hotela yawo, anachita kuponya chipewa m'mwamba.

"Almira! Tabwerani mudzaone! Agonja!"

Koma akazi awowo anali otanganidwa. Kuyambira dzulo anali kunsi kwa hotelayo ndi aganyu, akuti kukonza maziko.

Tauniyi a Bodkin anaiyambitsa okha m'chidikha cha Kansas ku America, pomwe panali udzu ndi mphepo basi, ndipo anaitcha Bodkin City poti panalibe wotsutsa. Tsopano inali ndi tinyumba tingapo, chitsime, ndi mtengo umodzi womwe unkaganizabe ngati ukule kapena ayi. Chowasowetsa tulo chinali Ardell, katauni kakum'mawa, komwe nako kankafuna kukhala likulu la dera lonselo. Chisankho chinali pafupi, ndipo aliyense ankadziwa kuti tauni yogonja imasanduka busa la ng'ombe.

Ndiye lero Ardell yense anali pamsewu, kulunjika kwa iwo. Nyumba zakumeneko n'zamatabwa, sizichedwa kusamuka: kuzikweza pamagudumu, chikwapu thyapu, ulendo. Inabwera sitolo ya nsalu. Inabwera sukulu, ana ali mbwee m'mawindo. Tchalitchi chinabwera chikudzandira ngati chalawako, belu likudziimba lokha.

A Bodkin anathamangira m'kati n'kuvala jekete la paukwati wawo, lomwe linakanitsitsa kukumana pamimba. Atabwerera pakhonde anayamba kugawa malo ndi ndodo: apa khoti la nsanjika, apo banki, pakatipo chipilala cha munthu wina wake amene, chifukwa cha kudzichepetsa, sanamutchule dzina. Nyumba iliyonse ankailonjera ndi mawu ochepa, ochepawo n'kukhala ambiri. Anavinako pang'ono. Galu wawo, pochita manyazi, anakagona pakati pa msewu.

Pomalizira penipeni panabwera nyumba ya a Cyrus Venner, amene anayambitsa Ardell, mwini wake ali phee pampando wa pakhonde, kaliwo kukamwa.

"Venner, nkhalamba iwe!" anakuwa a Bodkin, misozi yachimwemwe ili chuchuchu. "Sindinakuuze kuti udzabwera chokwawa? Koma ine sindisunga mangawa. Sankha malo, ngakhale pambali panga pano. Mthunzi wa chipilala uzidzakufika ulere!"

"Zikomo, a meya," anatero a Venner osachotsa kaliwo. "Koma tachotsani kagalu kanuko panjira. Njanji aimanga kumadzulo uko, kutsidya kwa mtsinje, ndipo tikufuna tikapeze malo abwino. Pano tangodutsa."

A Bodkin anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma khonde linagwedezeka kunsi kwa mapazi awo. Kutsogolo kwa hotela kunali Almira, chikwapu m'manja, ng'ombe atazimanga kale, hotelayo ili pamagudumu.

"Gwirani nsanamira, bambo," anatero. "Mukagwa pamenepo mutsala nokha mu Bodkin City."