Bondo la Mayi Bogumiła

"Tembenuka, Halszka, ndikupatse mwayi," anatero Mayi Bogumiła kuseri kwa nsanja, akumwetulira mano okha.

Mayiwa anali ataimba zaka makumi atatu mumzere wakumbuyo wa kwaya yaikulu ya mumzinda wawo. Anayenda nayo ku Vienna mpaka ku Tokyo, mphoto zikubwera, koma sanapatsidwepo ndime yoimba okha. Lero kwaya ikukwanitsa zaka 70, ndipo ndimeyo yapita kwa Halszka, mtsikana wobwera dzana.

Mwamwambo, woimba asanakwere pansanja amamugunda pang'ono ndi bondo kumbuyo, ndipo iye sathokoza, kuopa tsoka. Mayi Bogumiła anasonkhanitsa zaka zonse zija m'bondo limodzi. Phu!

"Mayo ine! Zi... zikomo, Mayi," anatero Halszka, misozi ili lengelenge.

"Wathokoza! Watha ameneyu," Mayi Bogumiła ananong'oneza mnzawo Zdzisława.

"Nsanje idzakupha iwe," anayankha Zdzisława.

Koma ululu unamuiwalitsa Halszka mantha amene anali nawo sabata yonse. Anaimba mpaka holo yonse inaimirira, kuomba m'manja osaleka.

Buku la mbiri ya kwaya litatuluka, Mayi Bogumiła analitsegula ali chiimire, chala chikusaka dzina lawo. Analipeza kamodzi kokha, pansi pa chithunzi chachikulu cha Halszka, m'mawu a mtsikanayo: "Zonsezi ndi chifukwa cha bondo la Mayi Bogumiła."

Chichokereni tsikulo, aliyense wopatsidwa ndime yoimba yekha amayamba wafika kwa mayiwa, n'kuwatembenuzira msana kudikira bondo.