Vernon Adzera Kuseri

Mkaka wozizira wothiridwa kumutu unayenderera m'khosi mwa Cleophus, koma sanasunthe pampando. Iye ndi anzake akuda anali atapangana kuti sachoka m'lesitilanti ya azungu okhaokhayo, m'tauni yawo ku Alabama, mpaka atapatsidwa chakudya.

Atacheuka, anapeza kuti womuthirayo ndi Vernon, mzungu amene ankawedza naye nsomba Loweruka lililonse chibwerereni kunkhondo ya ku Korea.

"Mthirenso, Vernon!" anakuwa azungu anzake.

Vernon anamuthiradi.

Loweruka m'mawa, Vernon anatulukira kwa Cleophus atanyamula mbedza ziwiri.

"Aise, usandiyang'ane choncho. Anzanga aja anali ndi khofi wowira. Ndikanapanda kufulumira ndi mkaka, bwenzi pano ulibe khungu."

"Nanga mkaka wachiwiri uja?"

Vernon anazolika. "Onse maso anali pa ine. Ndili ndi ana, iwe."

"Nanenso ndili nawo. Anandichapira malaya aja ndi iwowo." Cleophus anagwira chitseko. "Ukafuna kulankhula nane, udzere kuseri, monga ndimachitira ine kwanu."

Anatseka. Posakhalitsa kuseri kunamveka kugogoda. Cleophus anakhala pampando n'kumamvetsera, akufuna kuona kuti mzungu angadikire mpaka liti.