Kumene Kuli Nkhanga

Mlamu wa mayi wina anaima pakhomo pa mayiyo, legeni ili m'manja, yomwe ija inapha njiwa zimene amuna ake odwala ankaziyang'ana pawindo m'mawa uliwonse.

"Alamu, paja inu mbalame zonse ndi abale anu. Nkhanga mwaziona kuti lero?"

Mayiyo anali ataziona kudambo, zikuyenda ndi ana. Analoza kwina, kuthengo kumene chitedze chinali chitakhwima.

"Uko. Koma muvule malaya oyerawo, zingakuoneni. Mukwawe chamimba."

"Mulungu akudalitseni, alamu."

Mayiyo analowa m'nyumba, nawakonzera pilo amuna ake, kenako anagwada kuti apemphere. Atafika pa mawu akuti "mutikhululukire," anayamba waima kaye, natchera khutu kuthengo.