Dzuwa Linadya Malisiti a Mfumu ya Msewu

Panali munthu wina, dalaivala wa thiraki ya maulendo ataliatali, amene anzake ankamutcha Mfumu ya Msewu. Akuti nkhaniyi ndi yoona, ndipo ine sindikutsutsa chifukwa amuna amakani ngati iyeyu ndawaonapo ambiri. Thirakiyo inali yakeyake. Anaigula atakhetsa thukuta zaka zambiri akuyendetsera ena, ndipo chakudya cha pakhomo, lendi ndi fizi ya ana zonse zinkachokera pamenepo.

Pa nkhani ya msonkho sanali wakuba ayi. Ankadziwa kuti ndalama zomwe wawononga pa dizilo, matayala ndi makaniko zimayamba zachotsedwa pa zimene wapeza, msonkho n'kuwerengedwa pa zotsalazo. Choncho lisiti lililonse ankalitenga ndithu. Vuto linali poliika. Akangolandira, ankaliponya pa dashibodi, kunsi kwa galasi lakutsogolo, pomwe dzuwa limaswa mtengo tsiku lonse.

Mkazi wake anayesa kumutsina khutu.

"Abambo, timapepalati muzibwera nato kunyumba ndizikusungirani. Apo ayi muzitijambula pafoni."

"Amayi, za msewu mwaziyamba liti? Pamenepo ndi pa ofesi yanga. Sipanasowepo kanthu."

Zoonadi, sipankasowa kanthu. Mulu unkangokula, mwini wake osaugwira n'komwe.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina a ofesi ya msonkho anamuitana kuti akaonetse umboni wa zonse zimene anachotsera chaka chathacho. Mfumu ya Msewu sanatekeseke. Anakokolola mulu wonse n'kuuthira m'thumba, n'kukaukhuthula patebulo la mayi wofufuza za msonkho, uku akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Mayiyo anatola pepala limodzi, n'kulitembenuza. Anatola lina, n'kuliyang'ana pawindo.

"Bambo, mwandibweretsera chiyani apa?"

"Malisiti a dizilo, mayi. Onse ali pomwepo."

"Ine ndikuona mapepala oyera."

Dalaivala uja anaweramira patebulo. Mapepala anali mbee! Malisiti a m'makina aja sagwirizana ndi kutentha, ndiye dzuwa linali litafufuta zilembo zonse. 

Mayi uja anamufotokozera mosapsatira. Popanda umboni, zonse zimene anachotsera zibwezeredwa, msonkho uwerengedwanso, pamwamba pake chindapusa. Atatchula chiwerengero, dalaivala anadziwa kuti kulipira kwake n'kugulitsa thiraki basi. Mayiyo anamupatsa mwezi umodzi kuti apeze umboni.

Akutuluka, pageti anakumana ndi njonda ina ya jekete ndi kachikwama kukhwapa.

"Akulu, nkhope imeneyo ndimaidziwa. Dzuwa lakudyerani malisiti eti? Musalire. Ine ndimakonza atsopano, ndi chidindo chomwe. Mawa lomweli mudzatenge."

Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe. Dalaivala anatenga nambala ya njondayo, mtima n'kukhalako pansi. Atafika kunyumba anamufotokozera mkazi wake zonse, mpaka za njonda ija. Mkaziyo sanamunyoze, ngakhale mpata unalipo waukulu.

"Abambo, mapepala oyera ndi kupusa chabe, koma abodza ndi ndende. Mukufuna titaye thiraki, titayenso inuyo? Dizilo munagula zoona. Tiyeni tibwerere konse kumene munagula."

"Konseko? Mukudziwa kutalika kwake?"

"Si paja ndinu Mfumu ya Msewu? Tiyeni mukandionetse ufumu wanuwo."

Ulendo uno anamvera. Ana anawasiya ndi azakhali awo, mkaziyo n'kukwera kutsogolo atanyamula envulopu yaikulu. Pa malo aliwonse omwetsera mafuta ankaima, dalaivala n'kutsika chipewa chili m'manja. Munthu amene ankalowa m'malo amenewa ndi hutala tsopano ankalowa ndi "zikomo, bwana." Ogulitsa mafuta ena anafufuza m'makina awo pogwiritsa ntchito nambala ya thiraki, n'kumusindikizira malisiti ena. Kumene analipira pafoni, umboni unapezeka mosavuta. Makaniko wake anaseka mpaka kugwetsa sipanala, kenako n'kumulembera zonse zimene anakonza. Koma ena anangopukusa mutu, amvekere, "Za chaka chatha? Pepani akulu, tinafufuta kalekale." Zimenezo zinamupweteka, ndipo panalibe wina womuloza chala.

Mwezi usanathe anabwerera ku ofesi kuja, mkazi wake ali pambali. Mayi wofufuza anaona pepala lililonse, akuimbira foni malo ena kuti atsimikize. 

Pomaliza mayiyo anatseka envulopu.

"Zambiri ndazivomereza. Zopanda umbonizo mulipira, koma mutha kumapereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ndipo mwachita bwino osapita kwa mkulu wa pageti uja. Chidindo chake timachidziwa. Amene anabwera ndi malisiti ake muno sabata yatha nkhani yake ili kukhoti."

"Ndiye thiraki, mayi?"

"Thiraki ndi yanu. Kagwireni ntchito."

Atafika pomwe anaimika thirakiyo, Mfumu ya Msewu anakwera, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, misozi n'kuyamba kutsika. Bambo wamkulu ndi ndevu zake analira ngati mwana. Mkazi wake anamusiya kaye alire, kenako anamugwira paphewa.

"Basi abambo, lizani injini. Katundu wa anthu akudikira."

Phunziro: Lisiti likafufutika, ndalama yako yafufutika nayo. Lijambuleni tsiku lomwelo, lisungeni pamthunzi, ndipo wa kunyumba akakuchenjezani musamuyese wosadziwa. Zikavuta, njira yaitali yachilungamo imakufikitsa kwanu, yachidule yabodza imakufikitsa kundende. Tumizani nkhaniyi kwa dalaivala aliyense amene mukumudziwa, makamaka uja dashibodi yake yadzaza mapepala.