Waya Wofiira wa Stelia

Lameki wopanda manyazi uja ndiye analanda kabokosi ka Stelia, mwana wa malemu mkulu wake. Munali mawaya, mabatire ndi timababu ta tochi zimene malemuwo anamubweretsera kuchokera ku Halale kuti aziphunzirira kuyatsa.

"Ndi ufiti uwu, alamu," anauza Mailesi, mayi wa mwanayo. "Ndakataya mumtsinje wa Lisungwi."

"Mwana kuyatsa babu, ufiti? Mwatayadi, alamu?"

"Basi, ndatero."

Loweruka lina Lameki anatulukira atakolekera wayilesi yake yosalankhula.

"Stelia mwana wanga, akuti umazitha izi. Tandilumikizira apa."

M'thumba anasolola waya wofiira, wokulungidwa momwe ankakulungira Stelia, wopanda n'kadzimbiri komwe.

Inu mukuwerenganu, tandiyankhani: kodi Lisungwi anayamba liti kubweza katundu?